Mola ya Kumanzere

A Arnaldo Boaventura ankadziwika ku Moatize konse, kungoti owakonda anali ochepa. Anali munthu wamtali, wouma ngati chikuni cha tsanya, ndipo moni ankayankha ndi chibwano. Kwawo kunali kumtunda, m'mapiri a ku Zóbuè, kumene abale awo amalima mbatata ya kachewere ndi kupemphera korona tsiku ndi tsiku. Iwo anatsikira ku Moatize akadali mnyamata, nagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku ofisina, malo okonzera makina a mgodi wa malasha, kwa zaka makumi awiri ndi zisanu. Moto wowotchererawo ndi umene unawadya maso pang'onopang'ono, moti pofika Pasaka wa 1996 ankangoona zithunzithunzi.

Anthu ankati a Arnaldo ndi okhwima. Nkhani yake inali yakuti nthawi ya nkhondo galimoto yawo inaponda bomba lokwirira pansi pa msewu wafumbi wa kumapiri, tayala la kumbuyo n'kuuluka, koma anthu asanu ndi anayi amene anakwera anatsika ndi miyendo yawo yomwe. Akatolika anzawo ankati ndi korona imene inkalendewera pa galasi. A mipingo ina ankati korona yanji, pali nyanga penapake pansi pa mpando. Eni ake sankavomera kapena kukana. Akafunsidwa ankangolavula n'kupitiriza zimene akuchita.

Pakhomo pawo panali galimoto ziwiri, zonse zotsegula kumbuyo, zamtundu umodzi, zongosiyana zaka. Yobiriwira, yakale kwambiri, ankaitcha Mbuzi chifukwa panalibe phiri limene inkalikana. A Arnaldo anaigula kwa Mpwitikizi wina wa sitolo amene ankachoka m'dzikoli mu 1975. Yoyera ankaitcha Dona chifukwa inali yokongola koma yosachedwa kudwala. Imeneyi inachokera ku Joni. Anaitumiza ndi Júlio, mkamwini wawo, kuti mkazi wake Judite, mwana woyamba wa a Arnaldo, aziyendetsa. Judite anaphunzira chiwongolero ku Malawi, pa galimoto ya asisitere, nthawi imene ankakhala kumsasa wa othawa nkhondo. Mtendere utabwera, bambo ndi mwana anayamba kutsitsa mbatata, kabichi ndi tomato kuchokera kumapiri kudzagulitsa ku Moatize ndi ku Tete, aliyense pa galimoto yake.

Msewu wa ku Zóbuè masiku amenewo unali ndi maenje oti mwana angasambemo, ndipo ukapatuka kulowera kumidzi unkangoyenda pamiyala. Chimene chinkavutika ndi mola, timasamba tachitsulo tosanjikizana tija timene galimoto imakhalira pamwamba pa matayala. Mwezi sunkatha mola isanathyoke. Dona ankathyola paliponse, lero kutsogolo, mawa kumbuyo, monga mwa chibadwa chake. Mbuzi inali ndi nthenda yakeyake: inkathyola kumanzere kokhakokha. Ngakhale uyiikire tsamba latsopano lero, pakatha milungu itatu inkayambanso kupendekera komweko ngati munthu wosenza mtsuko paphewa.

Wochiritsa wake anali Amade, mmisiri wa mola, amene anali ndi khumbi la malata kuseri kwa njanji. Amade ankatentha masamba a mola pa makala a malasha, n'kuwapinda ndi nyundo, n'kuwaviika m'mafuta akuda, ndipo tsamba lothyoka ankalimva ndi khutu galimoto ikadali patali. Tsiku lina Judite atabweretsanso Dona akukwawa, Amade anaika nyundo pansi n'kupukuta manja.

"Mai Judite, ine ndatopa kukunamizani," anatero. "Masamba atsopano kulibe, ndipo awa ndawatentha mpaka afika posamva moto. Mapanga awiri avumbwitsa. Galimoto zanu ziwirizi ndi galimoto imodzi. Ndipatseni ina ndiiphe, nditenge mola zake ndi zitsulo zake zonse, ndilimbitse inzake. Mukatero muyenda zaka zisanu osandiona."

"Mukanakhala inu, a Mesitiri, mukanapha iti?"

"Mafupa abwino ali ndi Mbuzi. Dona wayamba ming'alu m'chiuno. Koma Mbuzi ili ndi chinthu chija cha kumanzere chimene sindichimvetsa, ndipo chinthu chimene sindichimvetsa sindichilumbirira. Sankhani nokha."

Judite anali atasankha kale Amade asanatseke pakamwa, ndipo tisamunamizire kuti anasankha ndi nzeru za malonda. Galimoto yobiriwirayo ankaida. Ankaida kuyambira chaka cha 1986, ali ndi zaka khumi ndi zinayi, tsiku limene bambo ake anawanyamula kuthawira nawo kumalire. Mayi ake, a Rosária, anakhala kutsogolo ndi khanda. Judite, azing'ono ake awiri ndi ana a aneba anakwera kumbuyo, ndipo a Arnaldo anawapanikiza onse mbali imodzi, kumanzere, mwendo pa mwendo, pamene mbali inayo inali mbee, munali mphasa ndi mapoto okha. Dzanzi litamugwira, Judite anasendera kumanja kuti atambasule miyendo. Galimoto inaima pakati pa thengo, pamalo pamene munthu wanzeru sakanaimapo. Bambo ake anatsika, anamuwomba mbama imodzi yomveka mpaka m'mano, anamukankhira pamene anali, n'kubwerera ku chiwongolero.

Atafika pa Zóbuè anawatsitsa, anawalozera njira ya ku Malawi, n'kutembenuza galimoto. Sanagone nawo ngakhale tsiku limodzi. Zaka zonse za kumsasa ankangomva kuti bambo ako tinawaona, anyamula banja lakutilakuti. A Rosária anamwalira kumsasa komweko mu 1989. A Arnaldo anafika manda atakwiriridwa kale, ndipo kumbuyo kwa Mbuzi kunali akazi ndi ana a eni. Kuyambira pamenepo Judite ankawaphikira, ankawachapira, ankawagwadira powapatsa madzi monga mwana woleredwa, koma mumtima anagamula kuti munthuyu anakwatira galimoto.

Ndipo eni akewo ankachita ngati akuvomereza mlanduwo. Palibe munthu anakhalapo pa chiwongolero cha Mbuzi kupatula iwo. Maso atawakana, galimotoyo inangoima pansi pa mtengo wa masau, itapendekera kumanzere, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Dona akagona kwa Amade, Judite ankapempha kuti abwereke Mbuzi tsiku limodzi lokha, tomato asaolere kumunda. Yankho linali lomwelo nthawi zonse: "Mpando umenewo ndi wanga." Tomato ankaola.

Choncho Lamlungu lina atabwera ku Misa, Judite anawapeza atakhala pa mpando wawo wa chikumba pafupi ndi galimotoyo. Anagwada chapatali pang'ono.

"Ababa, a Mesitiri akuti galimoto imodzi ife kuti inzake ikhale ndi moyo."

"Ndamva."

"Ine ndasankha kuti itsale Dona."

Anayembekezera mkuntho, ndipo kunena zoona ankaufuna, kuti naye atulutse zimene anasunga zaka khumi. Koma a Arnaldo anangotambasula dzanja n'kugwira chitseko cha Mbuzi, chala chikuyenda pa utoto wosupuka.

"Wodyetsa nyumba ndiwe," anatero. "Wasankha, wasankha. Koma kwa Amade ndikaipereka ndekha."

"Ababa, inu simuona."

"Iwe ukuona. Ukhala pambali, uzindiuza."

Ulendo wa tsiku lotsatira anthu a kuseri kwa njanji amaukambabe. Dzuwa litangokwera, anyamata anakankha Mbuzi mpaka inatsokomola n'kudzuka. Nkhalamba yosaona inakhala pa chiwongolero, itavala jekete lake la ku tchalitchi, mwana wake ali kumanzere akufuula: kumanja pang'ono, dzenje, njinga, imani! Amayi ogulitsa makala anathawitsa madengu awo. Koma Judite anaona chinthu chimene sanachiyembekezere. Mawu ake ankafika mochedwa. Asananene kuti dzenje, phazi la bambo ake linali litachoka kale pa moto. Msewu ankaumva m'manja ndi m'chiuno, ndipo dzenje lililonse ankalilowa ndi matayala a mbali yawo, a kumanja, moti iwo ndi amene ankadumpha pa mpando, Judite ali phee. Anaimika galimoto pakhomo pa khumbi la Amade osagunda ngakhale chitini. Anazimitsa injini, anamasula korona pa galasi n'kuiika m'thumba, anatsika, ndipo wina anawatsogolera pa tayala lakale pamthunzi.

Amade ankagwira ntchito ndi amuna anayi. Anayamba ndi bokosi la kumbuyo, lija lonyamulira katundu. Bokosi lotere amuna anayi amalinyamula akucheza. Anamasula mabawuti onse, aliyense anagwira ngodya yake, Amade anawerenga mpaka katatu. Mbali ya kumanja inakwera ngati chitseko cha khola. Mbali ya kumanzere sinasunthe n'komwe, ndipo amuna awiri a kumeneko anangotuluka mitsempha m'khosi.

"Mwasiya bawuti," anatero Amade.

Anafufuza, bawuti panalibe. Anayesanso, osatheka. Mmodzi wa amunawo anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana kumene kunakhala a Arnaldo, ndipo mawu akuti nyanga anamveka chapansipansi. Amade, amene ankaopa Mulungu yekha, anakalipa kuti abweretse unyolo. Anaukoleka pa mtanda wa njanji umene ankakwezera mainjini, ndipo bokosilo linakwera likulira, litapendekeka. Amade analowa pansi pake ndi chitsulo chopalira. Anapala matope ouma a zaka ndi zaka, anapala phula lakuda, kenaka chopaliracho chinalira mawu ena, mawu olemera ngati a belu la ku tchalitchi. Anapala mofulumira. Kenaka anasiya, koma sanatulukemo, mpaka Judite anawerama kuti aone ngati ali bwino.

"Mai Judite," anatero Amade ali pansi pomwepo, "bwerani muone ndi maso anu."

Pansi pa bokosilo panali chitsulo chochindikala ngati chala chachikulu cha munthu wamkulu. Chinali chodulidwa ku ngolo zonyamula malasha za mu mgodi. Chinayambira kumapeto kwenikweni kwa bokosi, n'kuyenda mbali ya kumanzere yokhayokha mpaka kutsogolo. Pamwamba pake anayalapo lata wamba n'kulipaka utoto, pansi pake anamata phula, kuti woyang'ana asaone kusiyana. Atachotsa mpando wa kutsogolo ndi mphira wa pansi anapeza chinzake, chopindidwa bwinobwino motsata pamene wokwera amaika mapazi ndi pamene amakhala. Chinathera pakati penipeni pa galimoto, mzere wake wowongoka ngati wojambula ndi rula. Kupitirira mzerewo, pansi pa mpando wa woyendetsa, panali lata lopyapyala lodyeka ndi dzimbiri. Amade analibaya ndi chopalira chija, ndipo chinatulukira kunsi.

Pafupi ndi tayala la kumbuyo chitsulocho chinali chotupa, chokankhidwira m'mwamba ngati pansi pa poto wogwa, chili ndi zipsera zambirimbiri. Palibe chipsera ngakhale chimodzi chimene chinabowola.

Amade anatuluka, anakhala pansi pa fumbi, anavula kofia yake. Munthu ameneyu anali wosayamika ntchito ya mnzake, zimenezo Moatize yense ankadziwa. Koma anayendetsa chala pa msoko wa chitsulocho kuyambira uku mpaka uko, akupukusa mutu.

"Zaka zitatu ndakhala ndikutukwana mola zanga," anatero. "Ndimati ndine wolephera. Kani galimotoyi imayenda itasenza ng'ombe mbali imodzi! Ndipo taonani msokowu. Anawotcherera chagada, pansi pa galimoto, mobisa, koma palibe pamene dzanja linanjenjemera. Ine sindingathe. Ndikunena pamaso pa anthu, sindingathe."

Anthu anali atayamba kale kusonkhana, chifukwa ku Moatize unyolo ukalira pa khumbi la mmisiri aliyense amapeza chifukwa chodutsira pamenepo. Pakati pawo panali a Luzia, mayi wogulitsa nsomba zouma, mmodzi wa asanu ndi anayi aja. Anadzipanikiza mpaka kutsogolo, anayang'ana chotupa chija, n'kuika dengu pansi.

"Apa ndi pamene ndinakhala ine," anatero. "Apa penipeni, mwana ali pamiyendo. Tinkadandaula njira yonse kuti bambo awa ndi ankhanza, atiunjika ngati matumba pamene malo alipo. Ndakhala ndikuyatsa kandulo kwa Amayi Maria chaka chilichonse chifukwa cha tsiku limenelo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana, chitenje chimene anavala. "Kandulo ndiziyatsabe. Koma inu a Boaventura, mukanatiuza!"

Wina kumbuyo anati nafenso anatikhazika kumanzere. Winanso anati ifenso, ulendo wa ku Mwanza, tinali khumi ndi awiri. Mawuwo anayenda m'gulumo. Anthu amene anazolowera kuseka chilichonse anangoima, amuna zipewa zili m'manja, akuyang'ana chitsulo chakuda cholendewera pa unyolo. Ena ankayandikira n'kuchigwira pang'ono ndi nsonga za zala.

Judite sanachigwire. Ankayang'ana kabowo kamene Amade anabowola pansi pa mpando wa woyendetsa, kamene kuwala kwa dzuwa kunkalowera. Anayesa kuwerenga maulendo amene munthu anakhala pamwamba pa lata limenelo, kupita ndi kubwerera, zaka zisanu ndi chimodzi za nkhondo, akudziwa bwino lomwe chimene chili pansi pake ndi chimene palibe. Anachita mantha ngati kuti zonsezo zikuchitika lero. Anachitanso manyazi aakulu, ndipo tsaya limene linalandira mbama lija linatentha. Miyendo inamutengera yokha kumthunzi kuja, ndipo anagwada pafupi kwambiri kuposa mmene anagwadirapo chibwerereni ku Malawi.

"Ababa."

"Achipeza?"

"Achipeza. Bwanji simunaike mbali zonse?"

"Ndinaika," anatero a Arnaldo. "Galimoto inakhala pansi, matayala anakhudza bokosi. Sikanayenda. Ndinachotsa theka."

"Ndiye munachotsa lanu."

"Nanga ndikanachotsa la yani?"

Anayankha ngati wafunsidwa funso lachibwana, ndipo kwa iwo linalidi lachibwana.

"Bwanji simunatiuze?"

"Amako ukuwadziwa. Akanamva, akanakana kukhalapo. Akanati tikafa tifere limodzi, ndipo tikanakangana mpaka nkhondo kutipeza pakhomo. Anthu akanamva, akanamenyanirana malo. A mfuti akanamva, akanailanda tsiku lomwelo. Kunali bwino kuti azinena kuti ndine mfiti. Galimoto ya mfiti palibe amaifuna."

Amade anali atafika, kofia ikadali m'manja. Anakhosomola.

"A Boaventura, ndisakunamizeni. Likanakhala bomba lalikulu lija la magalimoto ankhondo, chitsulo ichi sichikanathandiza kanthu."

"Ndikudziwa, shamwali. Ndinawaona amene anaponda lalikulu. Koma ang'onoang'ono ndiwo anali ambiri, ndipo munthu umatseka khomo limene ungathe kutseka."

"Nanga mtendere utabwera, osachichotsa bwanji? Mola zonse zija!"

"Mtendere anasainirana pa pepala. Kodi alipo anapita kukauza nthaka?"

Aliyense pamenepo ankadziwa kuti kumapiri timitengo topaka utoto wofiira tochenjeza za mabomba tinali tikadali m'mbali mwa njira zambiri, ndipo chaka chomwecho ng'ombe zinali zikuphulikabe kudambo.

Judite anali ndi funso lina, limene analisunga zaka zisanu ndi ziwiri. Analifunsa motsitsa mawu, kuti anthu asamve.

"Nanga maliro a amayi?"

A Arnaldo anatembenuzira nkhope kumbali.

"Uthenga unandipeza ndili ndi anthu panjira. Ndinati ndiwafikitse kaye. Ndinachedwa." Anapuma. "Pamenepo ndilibe chonena, mwanangu. Ndinachedwa basi."

Sanapemphe kukhululukidwa, ndipo Judite sananene kuti wakhululuka. Anthu a m'banja limeneli sadziwa kuyankhula zotere, ndi mtundu wawo. Anakhala choncho kanthawi, bambo pa tayala, mwana pa fumbi. Kenaka Judite anaimirira, anasasa mawondo, n'kutembenukira kwa mmisiri.

"A Mesitiri, tsitsani bokosilo. Mawa ndibweretsa Dona. Muphe ameneyo."

"A Júlio akamva kuti galimoto yawo yaphedwa?" anafunsa Amade.

"Ndiwalembera kalata. Akakwiya adzakwiyira ine."

Amade anavala kofia, ndipo ummisiri unamubwerera nthawi yomweyo. Anayamba kuzungulira Mbuzi akuloza uku ndi uku. Mola za Dona azisanjikiza ndi za Mbuzi, ziwiri zikhale imodzi. Chitsulo cholemeracho achichotsa chonse, ndipo galimoto iima mowongoka koyamba chichokereni m'manja mwa Mpwitikizi. Chitsulocho sichisowa ntchito, atha kusula makasu makumi angapo.

"Makasu ayi."

Anali a Arnaldo. Anali ataimirira okha, dzanja likufufuza m'mwamba.

"Uyu akapita kukatenga mbatata amalowa njira ya kwa azakhali ake, yodutsa kudambo. Imeneyo sanaichotse mabomba. Chitsulocho mudule, muike kumanja."

"Ababa, kumbuyo ndimanyamula katundu," anatero Judite. "Nanga..."

"Mbatata zife. Ndani analirapo maliro a mbatata?"

Anthu anaseka, kuseka kwa anthu amene misozi ili pafupi. Amade anati chidutswa cha munthu mmodzi sichilemera kwambiri, mola ziwiri zosanjikiza zichinyamula, ndipo ayeza yekha mawa. A Arnaldo anapukusa mutu. Kuwotcherera anavomera kuti awotcherere Amade, popeza maso anapita, koma kuyeza anakana kusiyira munthu. Anapempha choko. Amade anawatsogolera ku chitseko cha kumanja, ndipo iwo analamula kuti mpando ubwezeretsedwe pamalo pake.

"Judite, kwera."

Judite anazengereza. Chibadwire anali asanakhalepo pamenepo. Anagwira chiwongolero, chimene chinali chosalala ndi chodyeka pamalo awiri pamene manja a bambo ake ankagwira, n'kukwera pang'onopang'ono. Mpandowo unali ndi dzenje la thupi la munthu wina, lalitali kuposa lake.

"Khala mmene umakhalira ukamayendetsa. Ponda ngati ukuponda buleki."

Nkhalambayo inagwada pa fumbi, ndi jekete la ku tchalitchi lomwelo, pamaso pa ogulitsa nsomba ndi amisiri ndi ana a sukulu. Manja aja okhakhala, odzaza zipsera za moto, anafufuza mpaka anapeza chidendene cha mwana wawo. Anachigwira, analemba mzere pa lata kutsogolo kwa zala. Anayeza ndi chikhatho kuchokera pa chidendene kufika pa bondo, kuchokera pa bondo kufika kumbuyo kwa mpando, milomo ikuwerenga mwakachetechete. Mizere yawo inali yowongoka ngakhale sankaiona. Judite ankayang'ana kutsogolo, pa galasi long'aluka, misozi ikutsikira m'khosi, osayerekeza kuipukuta.

"Usagwedezeke," anatero bambo ake. "Ukundisokoneza."

Atamaliza kuzungulira anabwereranso poyambira, n'kuwonjezera zala zinayi mbali iliyonse, kutsogolo, kumbuyo, uku ndi uku. Amade anawerama n'kuyang'ana.

"A Boaventura, zala zinayizi n'zachiyani? Munthuyu wakwana kale m'mizere yoyamba ija."

"Poyendetsa munthu amasuntha," anatero a Arnaldo, akupereka choko. "Uyu makamaka. Sakhala malo amodzi, ndimamudziwa. Dulani pa mzere wakunja."